Namwino anakana nkhuku yanga, kodi ndinamulakwira?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala kumudzi m'boma la Angónia. Sabata ziwiri zapitazo mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu anatentha thupi masiku awiri, ndipo usiku wachiwiri anakomoka, thupi n'kuuma gwaa, maso atatembenuka. Alamu anga anatinyamula pa njinga yamoto mpaka kuchipatala chachikulu cha boma lathu. Tinafika ku banco de socorros, kumene amalandirira odwala mwakayakaya, cha m'ma 11 koloko usiku, tinapeza anthu ali ndandanda pa benchi. Namwino wamwamuna atangomuona mwanayo, anamumasula kumsana kwanga n'kuthamangira naye m'kati, osafunsa khadi kapena ndalama. Anamubaya, anamuika mpweya, m'bandakucha anamuika magazi. Chilichonse chimene amachita amandiuza m'Chichewa. Mayi wina wokolopa anandifunditsa chitenje chake poona kuti ndikunjenjemera. Mwana anachira. Nditabwerera ndi nkhuku ndi ndowa ya mbatatesi kukathokoza, namwinoyo anakana. Tsopano kumudzi ena akuti ndinapereka refresiko, kangachepe ka chiphuphu, n'chifukwa chake anandidumphitsa mzere. Kodi anatiyambitsiranji ife? Nanga ndinalakwa kupita ndi nkhuku? Ndiwathokoze bwanji? Ndine Naphiri.

Yankho: ANaphiri, ndiyambe ndi kukondwera nanu kuti mwana ali moyo. Ndine namwino, ndachezera usiku wambiri pa banco de socorros, ndipo powerenga kalata yanu ndimaona benchi ija, nyali ija, ndi mapazi anu afumbi ngati ndinali pomwepo. Simunalakwire munthu. Namwino uja sanakunyozeni pokana nkhuku, ndiponso sanakukondereni pokudumphitsani mzere. Munakumana ndi ntchito yogwiridwa mmene iyenera kugwiridwira, ndipo ndikufuna muimvetse bwino kuti mukakhale ndi chowayankha amene akukunenaniwo.

Ku chigayo, ku mjigo kapena ku banki, amene walawira ndiye amayamba, ndipo palibe amatsutsa. Pakhomo pa banco de socorros lamulo limenelo likhoza kupha munthu. Ife timadzifunsa kuti, mwa anthu onse ali panowa, ndani amene sangathe kudikira? Kusankha kumeneku m'Chipwitikizi amati triagem, ndipo kawirikawiri amene amasankha ndi namwino wa pakhomo, dokotala asanamuone wodwalayo. Nzeruyi ndi yakale. Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, ankalamula kuti wovulala kwambiri ayambe kuthandizidwa posayang'ana kuti ndi mkulu wa nkhondo kapena msilikali wamba. Ife a ku Tete sitifunikanso kupita kutali kuti timvetse. Mu Novembala 2016 thanki ya mafuta itaphulika ku Caphiridzange m'boma la Moatize, anthu oposa 70 anamwalira, ndipo opsa ambiri anathamangitsidwira ku Hospital Provincial de Tete nthawi imodzi. Tsiku ngati limenelo simungafunse kuti wafika poyamba ndani. Mumayang'ana amene mpweya ukumuthera.

Kwa ana, njira imene timaphunzitsidwa inakulira kwa anansi athu, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaona kuti ana ambiri amamwalira tsiku lomwe afika, ena atataya maola pa mzere. Cha m'ma 2001 anakonza malo olandirira ana odwala mwakayakaya, n'kuphunzitsa antchito kuzindikira msanga mwana amene ali pangozi. Zimene analemba mu 2006 zinasonyeza kuti imfa za ana ogonekedwa zinatsika: kale pa ana 100 alionse pankamwalira 10 mpaka 18, pambuyo pake 6 mpaka 8. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, limene kuno timati OMS, limaphunzitsa njirayi m'maiko ambiri ndi dzina loti ETAT. Imagawa ana patatu: amene athandizidwe pompo, amene aikidwe kutsogolo kwa mzere, ndi amene angadikire nthawi yawo popanda choopsa.

Inu munaona ngati namwino wangomulanda mwana. Koma pa mapazi ochepa amene anayenda kuchoka pa benchi kufika pa bedi anali atamuyeza kale ndi maso ndi manja. Anamvetsera ngati mpweya ukudutsa bwino pakhosi. Anayang'ana nthiti ngati zikulowa m'kati popuma, ndi milomo ngati yada. Anagwira kadzanja kuti amve ngati n'kozizira, ndipo mwina munamuona akutsina chikhadabo cha mwana mpaka kuyera kenaka n'kuchisiya: magazi akachedwa kubwerera kupitirira masekondi atatu, timadziwa kuti sakuyenda bwino m'thupi. Anatambasula chikhatho n'kuona kuti chayera ngati pepala. Anamuitana, anamugwedeza, mwana osayankha. Zonsezi sizitha ndi mphindi imodzi yomwe kwa munthu wozolowera. Mwana wokomoka kapena amene akugwedezeka ndi linjirinjiri ali m'gulu loyamba lija, ndipo namwino amene angamusiye pa benchi kuti ayambe walemba khadi walakwira ntchito yake. Khadi limalembedwa pambuyo, mwana akupuma.

Za m'kati muja ndikhoza kuzilondoloza ngakhale sindinalipo, chifukwa zimayenda mofanana. Mwana amagonekedwa cham'mbali kuti masanzi ndi malovu zisalowe m'mapapo. Timachubu ta okosijeni timaikidwa m'mphuno. Kadontho ka magazi ka pachala kamatiuza zinthu zitatu: ngati muli malungo, ngati shuga watsika, ndi kuchuluka kwa magazi amene atsala. Shuga timamuopa kwambiri, pakuti mwana amene wakhala masiku awiri osadya, malungo ali m'thupi, shuga wake amagwa, ndipo ubongo suchedwa kuonongeka. Timamupatsa madzi a shuga kudzera mu mtsempha. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu timapereka diazepam, nthawi zambiri kudzera kumbuyo chifukwa mtsempha wa mwana amene akuphiriphitha ndi wovuta kuupeza. Kenaka jakisoni wa malungo aakulu, artesunato: woyamba nthawi yomweyo, wachiwiri pakatha maola 12, wachitatu pakatha maola 24 kuchokera pa woyamba uja. Pamene ndinkayamba ntchito tinkagwiritsa kwinini wa mu soro (diripi), wodontha maola anayi, ndipo iyenso ankagwetsa shuga. Kafukufuku wamkulu wotchedwa AQUAMAT, amene anatuluka mu 2010 ndipo mzinda wa Beira unali m'gulu la malo amene anachitikira, anayerekeza mankhwala awiriwa pa ana oposa 5,000 a mu Africa. Pa ana 100 olandira kwinini anamwalira pafupifupi 11, pa olandira artesunato 8 kapena 9. Kusiyanako kumaoneka kochepa papepala, koma kwa ife amene timanyamula ana amenewa m'manja ndi ana enieni amene amabwerera kwawo ali kumsana kwa amayi awo.

Magazi aja anamuika chifukwa tizilombo ta malungo timaswa timbulu tofiira ta m'magazi. Muyezo wa hemogulobini, umene umasonyeza kuchuluka kwa magazi, ukatsikira pa 4 kapena kuchepera apo, kapenanso ukakhala pakati pa 4 ndi 6 mwana akubanika kapena atakomoka, soro yekha sathandiza. Pafunika magazi a munthu wina. Sungani mfundo imeneyi, ndibwereranso.

Chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi chakuti namwinoyo amakuuzani chilichonse m'chiyankhulo chanu. Ambiri amaganiza kuti kumeneko n'kukoma mtima chabe kwa munthuyo, kongowonjezera pamwamba pa mankhwala. Ine ndinaphunzira mowawa kuti mawu abwino ndi mbali ya mankhwalawo. Zaka zanga zoyambirira, pa chipatala china chimene sindichitchula, mayi anafika ndi mwana atafooka kwambiri. Ndinali nditatopa, ndipo ndinamukalipira m'Chipwitikizi kuti anali kuti masiku onsewa. Mayiyo anaweramitsa mutu, n'kumangoti "inde" pa funso lililonse. Patapita maola ambiri ndi pamene agogo ake a mwanayo anandinong'oneza kuti kunyumba anamumwetsa mankhwala achikuda kangapo, ndiponso mapiritsi a munthu wamkulu ogula pamsika. Ndikanazidziwa pofika, ndikanayang'anira zinthu zina msanga. Mwanayo anakhala moyo, koma kuchedwa kuja ndinakuchititsa ndine ndi pakamwa panga. Mayi woopsezedwa amabisa. Mayi amene wamva kuti "khalani apa amayi, tikumuika mpweya, musaope chubuchi" amanena zonse, amagwira mwana bwino pobaya, sathawa naye usiku poona soro, ndipo mwana wina akadzadwala amabwera tsiku loyamba. Antchito ambiri m'zipatala zathu amachokera ku zigawo zina, ena kwawo amayankhula Chisena, ena Chichangana kapena Chimakua, ndipo amene amadzipereka kuphunzira Chichewa cha ku Angónia kuti amvane ndi odwala ndimawavulira chipewa.

Mayi wokolopa uja musamuiwale. Ife timati servente. Dzina lake sililembedwa pa khadi la wodwala, koma ndi iye amene amapukuta masanzi, kukankha machira, kuthamangira ku labotale ndi kabotolo ka magazi pakati pa usiku, ndipo kawirikawiri ndi iye amene amamasulira pamene dokotala sadziwa chiyankhulo chathu. Kuzizira kwa ku Angónia usiku tonse timakudziwa. Anavula chitenje chake chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo palibe buku la ntchito limene linamulamula kutero.

Tsopano za nkhuku. Pa chikhalidwe chathu munachita bwino. Munthu amene wakuchitira chachikulu sumuthokoza chimanjamanja, ndipo kukana mphatso ya mlendo kumaoneka ngati mwano. Ndikudziwa kuti pobwerera nayo nkhuku ija pa chapa (minibasi) mtima unali wolemera. Koma taganizani amene anali kuyang'ana. Pa benchi paja tsiku limenelo panali mayi wina amene kwawo kulibe nkhuku ngakhale imodzi. Akanaona namwino akulandira, sakanadziwa kuti ndi zikomo wa ntchito imene inatha kale. Akanapita kumudzi n'kukanena kuti kuchipatala amathandiza amene wanyamula kangachepe. Ndiye usiku wina mwana wake atakomoka, iye akanayamba wagogoda m'makomo kubwereka ndalama, kudikira kuche kuti agulitse chitini cha nyemba, pamene mwana akutha. Ana otere ndawalandirapo, ofika mochedwa chifukwa makolo amasakasaka cha m'manja. Namwino wanu anakana nkhuku poteteza mayi ameneyo. Anadzitetezanso yekha, chifukwa wantchito wa boma saloledwa kulandira zinthu kwa odwala chifukwa cha ntchito imene amalipidwa kale, ndipo mphatso ya lero imasanduka ngongole ya mawa: tsiku limene mudzabwere ndi chifuwa wamba, adzachita manyazi kukusiyani pa mzere pamene mwana wa wina akubanika.

Sindikubisirani, zonena za anthu akumudzi kwanu zili ndi pochokera. Alipo antchito ena amene amapempha refresiko, alipo amene amakalipa, ndipo alipo masiku amene mankhwala kapena magazi zimasowa. Munthu amene zinamuchitikirapo savutika kukhulupirira kuti inunso munalipira. Musakangane nawo. Auzeni zimene munaona ndi maso anu, ndipo muwauzenso kuti pamene pali ndalama yovomerezeka yolipira, imalipidwa pa windo ndipo munthu amalandira risiti. Ya m'thumba la yunifolomu si ya boma. Unduna wa Zaumoyo, MISAU, uli ndi chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala, chimene m'zipatala zambiri chimamatidwa pakhoma, ndipo chimanena za kulandiridwa mwaulemu ndi kuuzidwa za matenda ako. Zimene munalandira ndi zanu mwaufulu, ndiponso ndi za mnansi wanu amene akukunenaniyo.

Amene anatsala pa benchi usiku uja nawonso ndimawamvetsa. Bambo amene wakhala maola atatu ndi bala la khasu, kapena gogo amene mutu ukumuwawa, akaona wina wangofika n'kulowa, mtima umamupweteka. Apa ife antchito timalakwitsa posatuluka kukanena mawu awiri okha, kuti "pepani, mwanayu wakomoka, tikamaliza tibwera kwa inu." Ndaona kuti anthu akauzidwa choncho sadandaula, ena amayamba kumupempherera mwanayo. Ndipo amene ali pa mzere adziwe kuti kusankha kuja sikuchitika kamodzi kokha. Wodwala wanu akasintha muli pa benchi, wayamba kupuma mothamanga, wasiya kuyankha, magazi akutuluka kwambiri, imirirani mukauze namwino nthawi yomweyo. Kumeneko si kuvuta.

Nanga muwathokoze bwanji? Ine ndikanakonda muyambe ndi kulemba. M'zipatala zikuluzikulu muli ofesi yotchedwa Gabinete do Utente, ndipo pamakhala buku kapena bokosi la madandaulo ndi maganizo. Anthu amalikumbukira bukuli akakwiya basi, moti masamba ake amadzaza ndi zolakwa zokhazokha. Pitani mukalembe tsiku, nthawi imene munafika, ndi zimene anachita namwinoyo ndi servente uja. Ngati maina simukuwadziwa, tsiku ndi ola n'zokwanira, chifukwa akuluakulu ali ndi ndandanda ya amene anali pa ntchito usiku umenewo. Ngati kulemba Chipwitikizi kukuvutani, nenani m'Chichewa wina akulembereni, kenaka akuwerengereni. Mawu amenewo amafika kwa mkulu wa chipatala, ndipo amamuonetsa kuti mwa antchito ake ndani amene ayenera kuphunzitsa achinyamata ongofika kumene. Ine kalata yotere ndinalandirapo imodzi, yolembedwa ndi pensulo pa tsamba la kope la mwana wa sukulu, ndipo ndimaisungabe. Nenaninso kwa a komiti imene imalumikiza mudzi ndi chipatala, kwa amfumu, ndi ku mpingo kwanu. Mbiri yoipa ya chipatala imayenda yokha, yabwino imafuna woinyamula.

Koma ngati mukufuna mphatso imene namwino aliyense wa pa banco de socorros angailandire ndi manja awiri, ndi magazi. Thumba limene linapulumutsa mwana wanu linachokera m'mkono wa munthu amene simudzamudziwa. M'zipatala zathu magazi ambiri amaperekedwa ndi achibale wodwala ali kale pa bedi, ndipo nthawi ya dzinja, malungo akachuluka, firiji ya banco de sangue, kosungira magazi, imatha kukhala yopanda kanthu. Palibe usiku wowawa kwa namwino ngati umene akudziwa chofunika kuchita, mtsempha waupeza, koma thumba la gulu la magazi a mwanayo palibe. Magazi sagulidwa ku fakitale ndipo sasungika nthawi yaitali, pakangotha sabata zisanu kapena kupitirira pang'ono amatayidwa, choncho amafunika anthu obwera kawirikawiri. Munthu wamkulu wathanzi, wolemera makilogalamu 50 kapena kuposa, amapereka pafupifupi mamililita 450, osakwana ndi theka la lita, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Amayamba amuyeza ngati ali ndi magazi okwanira, ndipo magaziwo amawayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanamuike wina. Mphekesera zoti munthu akapereka magazi amatha mphamvu za m'banja kapena kuti magaziwo amakagulitsa kwa okhwima zatiphera ana ambiri. Ngati inu mukuyamwitsa kapena muli ndi pakati, musapereke panopa. Tumani bambo a mwanayo, alamu anu aja a njinga yamoto, ndi anyamata a kwaya. Akafika akanene kuti abwera chifukwa cha mwana amene anathandizidwa usiku wakutiwakuti. Uthenga umenewo udzamupeza namwino wanu.

Inunso muli ndi mbali yanu pa kuchira kwa mwanayu, ndipo muinene mukamafotokozera amayi anzanu. Simunadikire kuti kuche. Ambiri mwana akakomoka amayamba kumufukiza utsi, kumuthira madzi m'kamwa, kapena kumukanula mano ndi supuni. Zonsezi zimavulaza: madzi amalowa m'mapapo, supuni imathyola mano. Chofunika ndi kumugoneka cham'mbali, kumuvula zofunda zambiri, osamuika kanthu m'kamwa, n'kunyamuka. Kumene kuli APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi, ndipo chipatala chili kutali, mudzereni ngati ali panjira, chifukwa ena amakhala ndi artesunato woika kumbuyo wa ana osakwana zaka 6, amene amagwiriziza mwana paulendo. Mankhwala amenewo samaliza matenda, ulendo wa kuchipatala upitirire. Chimodzi chokha chimene ndikupemphani mudzasinthe ndi masiku awiri aja. Mwana akatentha thupi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo. Mapiritsi a Coartem oyambidwa msanga ndi amene amaletsa malungo kufika pokomola.

Ntchito pa mwanayu sinathe. Ndikhulupirira kuti Coartem amene anakupatsani potuluka anamaliza yense, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Mwana amene anaikidwa magazi chifukwa cha malungo amakhalabe pangozi miyezi ingapo atatuluka, makamaka isanu ndi umodzi yoyambirira: malungo amatha kubwerera ndipo magazi amatha kutsikanso. Komanso ana ena amene analandira jakisoni wa artesunato magazi awo amatsika pakatha sabata imodzi mpaka zitatu, nthawi imene muli inuyo tsopano. M'mawa uliwonse, kunja kukawala, mutambasuleni chikhatho muchiyerekeze ndi chanu, ndipo mukokere pansi chikope muone ngati m'kati mwake ndi mofiira. Mukaona kuyera, maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kutopa msanga posewera, kupuma mothamanga kapena kutenthanso thupi, bwererani tsiku lomwelo ndi khadi lake, ndipo pakhomo mukanene kuti mwanayu anaikidwa magazi posachedwa. Ngakhale akuoneka bwino, pitani naye pa tsiku limene anakulemberani kuti akamuyezenso magazi. Yang'aniraninso ngati akumva, akuona, akuyankhula ndi kuyenda monga kale, poti malungo ofika ku ubongo nthawi zina amasiya chilema chimene chimathandizika chikadziwika msanga. Agone mu neti usiku uliwonse, ngakhale kukuzizira ndipo udzudzu sukumveka.

Nkhuku ija muiphe, mumuphikire mwanayo. Chiwindi chake mumupatse iye, pamodzi ndi nyemba, bonongwe kapena nkhwani zotendera, ndi phala la nsinjiro m'mawa, kuti magazi abwerere. Mbatatesi mudye banja lonse, alamu anu aja muwapatseko mbale yaikulu.